Kamlonda ka pa Mlatho wa Abambo

Sweden
9 Okutobala 2022

Amayi okondedwa,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa achemwali a Rhoda, wa mlongo wanga wamng'ono Tiwo ndi wa amalume a Rex. Bondo lija likuvutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo dzuwa likuweruka msanga ngati wantchito waulesi. Ndalemba kalata monga munalamulira, poti munati mawu a pa foni amauluka koma olembedwa amakhala. Tiwo akuwerengereni, ndipo mukayankha ajambule pepala lanu anditumizire.

Nkhani ya ukwati wa Tiwo ndi Kabaso yandisangalatsa kwambiri. Munati akwawo kwa Kabaso, pokhala Abemba, akufuna chilanga mulilo pa 18 Malichi. Ndinayesa kufotokozera aphunzitsi anga kuno kuti pa tsikulo amayi makumi anayi amasenza mapoto a zakudya zonse za kwathu, n'kupita nazo kwa mkamwini akuimba ndi kuvina. Anandifunsa kuti, "Adzadutsa pati?" Ndinati pa mlatho wa matabwa umene malemu abambo anga anamanga pa ngalande ya ku Kanyama, chifukwa kwa Kabaso ndi tsidya lomwelo, pamene kuzungulira ku msewu wa tala ndi ulendo wa ola lathunthu. Anafunsanso kuti mlathowo uli ndi zaka zingati. Nditati khumi ndi zinayi, anati uyenera kuyezedwa.

Munafunsa ngati tigule mitanda yatsopano ya pansi pa mlathowo mvula isanayambe. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Mtengo suola chifukwa cha ukalamba ayi, umaola chifukwa cha chinyontho. Pali timbewu ta bowa tosaoneka ndi maso, timene timagona pa mtengo uliwonse kudikira madzi. Mtengo ukamwa madzi kupitirira magawo 20 pa 100 aliwonse, n'kukhala choncho masabata angapo, timbewuto timadzuka n'kuyamba kudya m'kati. Kunja mtengo umaonekabe bwino, ngati bambo wa suti amene ali ndi zilonda za m'mimba. Ndiye kuyang'ana ndi maso sikuthandiza. Pamafunika kuyeza.

Kuyeza kumeneku ndiyo ntchito imene ndikuphunzira kuno. Ba Exildah a ku Matero, anamwino amene amagwira ntchito mu mzinda wina kuno, akubwera kudzadwazika abambo awo, ndipo ndawapatsa kachipangizo kakuda, kakakulu ngati sopo wochapira. Kali ndi misomali iwiri. Amalume abowole mabowo awiri pansi pa mtanda wa kumanja, pakati penipeni pamene madzi amachedwa kuuma, alowetse misomaliyo, amate ndi guluu amene ndatumiza. Ola lililonse kaziyeza chinyontho cha m'kati mwa mtanda n'kunditumizira nambala pa kompyuta, chifukwa kali ndi simu kadi yake. Kamamvanso mlatho ukamagwedezeka. Mungoti ndi kamlonda: kosagona, kosadwala, kosaledzera. Amalume asaganize kuti ndikunena iwo.

Choncho musagule mitanda panopa. Tidikire kamlonda katiuze. Ngati mtanda ukumwa madzi, pofika Januwale tidzadziwa, nthawi yosintha ikadalipo.

Mundilembere za mvula, ndi za mtengo wa mapeyala uja ngati wabereka.

Ine mwana wanu,
Dixon


Kanyama
13 Novembala 2022

Mwana wanga Dixon,

Moni m'dzina la Ambuye. Tili bwino tonse. Bondo ndi lomwelo, limadziwa za mvula kuposa a pa wailesi. Kodi iwe ukudya? Pa chithunzi chija waoneka khosi lokhalokha. Ba Exildah akuti kumeneko ndi buledi m'mawa, buledi madzulo. Ukapeza wokuphikira undiuze msanga, ndisamve kwa anthu.

Katundu anafika. Amalume ako anakakhoma kamlonda Loweruka lapitalo. Anabwereka chovala chonyezimira chija cha anthu okonza misewu, n'kulowa pansi pa mlatho pepala lako ali nalo kukamwa. Anthu anadzaza mbali zonse za ngalande ngati kwagwa minibasi. Mayi wina wogulitsa makala anafuula kuti, "Ba Rex, kansi ni bomba?" Amalume ako anati, "Bomba ndimwe. Iyi ni kompyuta ya ku Sweden, imamva vonse, na vamene mukamba pa amuna a anzanu." Kuyambira tsikulo amayi akafika pa mlatho amadula miseche, n'kukaiyambiranso tsidya.

Koma ine mtima sunakhale pansi. Iwe unachoka kale, waiwala Kanyama. Kuno anaba mpope wa kutchalitchi abusa ali m'kati kupempherera akuba. Ogula zitsulo zakale anayamba kale kudutsa pa mlatho akuyang'ana pansi ngati ataya ndalama. Ndiye kanthu kokongola chonchi, koyamba kutumiza mwana wanga chipitireni, kazigona ndi achule? Tinakhala pansi ndi amalume ako, ndipo tachitapo nzeru. Usade nkhawa. Kamlonda kako kali pabwino, kali pa mtengo wake womwewo, sikadzasowa, ndipo ngakhale dontho la mvula silidzakakhudza.

Mvula inagwa kawiri sabata ino. Madzi a m'ngalande afika kale pa mwala wachiwiri wa m'mbali. Mapeyala abereka koma ana a anthu sakudikira kuti akhwime.

Pokonza m'nyumba ndinapeza msomali wa abambo ako, wautali uja. Ukukumbukira? Okutobala aliyense ankalowa pansi pa mlatho ndi hamala, kugogoda mtanda, kutchera khutu, kenako kubaya ndi msomaliwo. Ankati mtengo wamoyo umayankha, wakufa umang'ung'udza. Zinali za anthu osapita kusukulu. Ndangousunga chifukwa unali wawo.

Uzivala zotentha.

Ine amayi ako,
Maud Kachingwe


Sweden
3 Januwale 2023

Amayi okondedwa,

Chaka chabwino kwa nonse. Pepani kuti ndachedwa kuyankha, ndinali pa mayeso. Munati dontho la mvula silidzakhudza kamlonda. Ndinaseka ndekha powerenga, poti chikondi cha mayi chimalamula ngakhale mitambo. Koma zikuoneka kuti mitamboyo yakumverani.

Amayi, mlatho wa abambo wadabwitsa anthu kuno. Tili ndi milatho 32 imene tikuiyeza, ina yomangidwa ndi akatswiri, ya mitengo yothiridwa mankhwala. Yonseyo manambala ake amakwera ndi kutsika. Wa ku Kanyama wokha uli pa 11, tsiku ndi tsiku, mvula igwe isagwe. Kumbukirani kuti choopsa chimayambira pa 20. Nambala ya 11 ndi ya mtengo wouma ngati wa mpando wa m'nyumba.

Aphunzitsi anayamba akayika, amvekere mwina kachipangizo kawonongeka. Ndinawaonetsa kuti kali moyo. Pa 24 Disembala masana nambala inalumpha kufika pa 19, n'kutsikanso pofika madzulo. Mosakayika imeneyo inali mvula yamphamvu, ndipo mtanda unauma m'maola anayi okha. Mtengo woola suchita zimenezo, umasunga madzi ngati thonje.

Ndaganizira zifukwa zitatu. Abambo anasankha bulugamu wokhwima. Anasiya mipata pakati pa matabwa kuti mphepo izidutsa. Ndiponso ankapaka oyilo wakale wa galimoto chaka ndi chaka. Zimene ife tikuphunzira m'mabuku, iwo anazichita ndi manja osadziwa dzina lake. Ndayamba kulemba pepala lonena za mlathowu, ndipo dzina lawo lidzakhala pa tsamba loyamba.

Palinso china chokoma. M'kati mwa sabata kamlonda sikamva kugwedezeka kulikonse, chimene chikusonyeza kulimba kwa mtanda. Koma Lamlungu lililonse cha m'ma 1 koloko masana kamagwedezeka pang'ono, kenako kamagwedezekanso cha m'ma 4. Ndinawafotokozera anzanga kuti amenewo ndi anthu otuluka m'tchalitchi pamodzi, ndi ena obwerera ku mapemphero a madzulo. Mnzanga wina wa ku Norway anati sanaonepo mlatho wochitira umboni za chikhulupiriro cha anthu.

Ndiye za mitanda yatsopano iwalani. Zimene munasunga mugulire nkhuku ndi zitenje za amayi osenza mapoto. Tiwo auze alangizi ake kuti njira ndi ya pa mlatho, zakudya zikafike kwa Kabaso zikadali zotentha.

Achemwali a Rhoda ali chete masiku ano. Alipo?

Ine mwana wanu,
Dixon


Kanyama
22 Januwale 2023

Iwe Dixon,

Uli bwanji? Ife tilipo. Ine sindidziwa kulemba mokoma ngati iwe, ndiye ndingolasa pomwepo.

Kalata ino sinadutse pa foni ya Tiwo. Chilichonse cholowa m'foni imeneyo chimayamba chawerengedwa mokweza pamaso pa amayi, ndipo amayi analamula kuti mwana ali pa sukulu sauzidwa zodandaulitsa. Foni yanga inagwa m'madzi ndikupita ku msika, manje ndili ndi ka mabatani. Ndapatsa ba Exildah, anyamuka Lachinayi kubwerera ku Sweden. Ndaiika pansi pa kapenta wako, tinsomba touma tija.

Kamlonda kako kali m'kabati ya pabalaza.

Werenganso. M'kabati ya magalasi, pakati pa matambula a alendo ndi chithunzi chako cha tsiku lomaliza sukulu, kafundidwa kansalu koluka. Pa mlatho kanakhalapo masiku atatu chabe. Amalume atalephera kukazula chifukwa cha guluu wako uja, anatenga sowo ndi kasemasema n'kugoba chibenthu cha mtanda chachikulu ngati buledi wathunthu, kamlonda kali pomwepo. Pa bowolo anatsekapo ndi saka ndi matope.

Anthu ako opemphera a Lamlungu ndi amayi akutsegula kabati kutenga matambula a amayi a mvano, n'kuwabwezera akatsuka. Mvula yako ya pa 24 Disembala ndi Tiwo, anakapukuta ndi nsalu yonyowa pokonzekera Khirisimasi.

Ndinawauza amayi kuti mlonda salondera ali m'nyumba. Anati, "Wailesi imamva za ku Ulaya ili pamwamba pa kabati yomweyi. Kamlonda kalephere bwanji kumva mlatho uli apa pafupi? Ndipo mtengo wake si womwewo?" Unene iwe, ndikanayankha chiyani.

Dzana ndinatenga msomali wa abambo n'kulowa pansi pa mlatho. Hamala sindinaifune n'komwe. Ndinangokankha ndi chala, msomali unalowa wonse ngati mu kandolo, mbatata yophika ija. Pafupi ndi bowo la amalume pamera bowa woyera. Oyilo amene ukumutamayo palibe anapakapo chimwalirireni abambo.

Nditafotokoza kunyumba, amayi anati, "Iwe unalekeza giredi naini, mlongo wako ali ku Sweden. Timvere ndani?" Tiwo akuti ndi nsanje chifukwa wamng'ono akukwatiwa ine ndikadalipo. Amalume akuti bowo lawo ndi laling'ono, silingalakwe kanthu.

Dixon, ganiza bwino. Amayi makumi anayi, mapoto pamutu, ng'oma, kuvina kopondaponda, ndipo kutsogolo amayi ako ndi bondo lawo lija. Pansi madzi a Kanyama a mwezi wa Malichi, ukudziwa vimene amanyamula. Ndiwe wekha amene angakumvere. Lemba msanga.

Ndine mlongo wako,
Rhoda


Kanyama
19 Febuluwale 2023

Mwana wanga Dixon,

Moni. Tili moyo ngakhale madzi analowa m'nyumba kawiri. Usaope, tinakweza kabati pa njerwa.

Zokonzekera zikuyenda. Nkhuku zilipo, chikanda, chakudya cha Abemba chija, adzaphika ndi azakhali a Kabaso a ku Chawama kuti atiphunzitse, ndipo zitenje tasankha zobiriwira.

Vuto ndi mlongo wako. Rhoda wasiya kudutsa pa mlatho, akuzungulira ku tala tsiku lililonse ndi dengu pamutu, anthu akumuseka. Akuti anabaya mtanda ndi msomali wa abambo ako ndipo unalowa. Wafika mpaka kwa alangizi a Tiwo kukawaopseza, moti iwo akuti sadzatsogolera amayi pa mlatho pokhapokha aone kalata ya mwini makina. Ndikumulezera mtima chifukwa ndikudziwa kuti zimawawa mng'ono akamatsogola. Koma ukwati wa mnzake usaonongeke chifukwa cha msomali wadzimbiri.

Ndiye lemba kalata yomveka bwino, ya manambala, yoti ndikawaonetse. Uike ndi dzina la sukulu pamwamba.

Kodi kapenta unalandira?

Ine amayi ako,
Maud Kachingwe


Sweden
5 Malichi 2023

Amayi okondedwa,

Ndamva chisoni ndi za madzi olowa m'nyumba. Ndathokoza kuti munapulumutsa kabati, ngakhale ndikanakonda kumva kuti munayamba mwapulumutsa matilesi.

Kapenta sindinalandire. Ba Exildah anandiimbira kuti ali ndi phukusi langa, koma kwawo ndi maola asanu ndi limodzi pa sitima, ndipo pepala la mlatho landipanikiza. Ndikatenga pa Isitala. Kapenta saola.

Achemwali musawakalipire. Zimene anaona ndi zoona, kungoti sanazimasulire bwino. Mvula ikagwa masabata ambiri, khungu la kunja la mtengo limafewa, ndipo msomali ungathe kulowa pang'ono. Koma mphamvu ya mtanda ili m'kati, ndipo kumeneko ndi kumene misomali ya kamlonda imafika. Chala chimanyengeka, nambala sinyengeka. Muwafotokozere mofatsa, ndi anthu a mtima wabwino.

Nawa mawu oti muwaonetse alangizi. Ine Dixon Kachingwe, wophunzira za milatho ya matabwa, ndayeza mtanda wa mlatho wa ku Kanyama ola lililonse kwa miyezi inayi. Chinyontho chake sichinafikepo pa 20. Ngakhale sabata imene madzi analowa m'nyumba za anthu, chinangofika pa 13. Mlatho uli bwino, amayi adutse mosaopa.

Tsopano pempho langa. Aphunzitsi akufuna kuti ndikaonetse ntchitoyi pa msonkhano mwezi wa Meyi, ndipo chithunzi chimodzi chimaposa manambala chikwi. Pa tsiku la chilanga mulilo, wina aime m'mbali mwa ngalande ajambule bwino: pamwamba amayi ndi mapoto awo, pansi kamlonda kali pa mtanda pamene amalume anakakhoma. Zonse ziwiri zioneke pa chithunzi chimodzi. Ine ndidzakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa, kuonerera mapazi anu akugwedeza manambala. Ndi njira yanga yokhalira nanu pa mwambowo.

Ine mwana wanu,
Dixon


Sweden
18 Malichi 2023, m'mawa

Amayi, Tiwo, aliyense amene aone uthengawu,

Chachitika n'chiyani? Mphindi khumi zapitazo kamlonda kanagwedezeka katatu mwamphamvu, nambala inachoka pa 11 kufika pamapeto penipeni, kenako zii. Sikakuyankhanso. Mtengo sungamwe madzi chonchi pa mphindi imodzi, pokhapokha utamira.

Ndaimba kasanu, palibe akuyankha. Musadutse pa mlatho. Chonde wina andiyankhe. Amayi ali kuti?

Dixon


Kanyama
20 Malichi 2023

Mwana wanga Dixon,

Moni, ndipo pumula mtima. Tonse tili moyo. Foni ya Tiwo inali m'chikwama tsiku lonse, poti mkwatibwi sagwira foni alangizi ali m'nyumba. Khala pansi ndikuuze zimene kamlonda kako kachita.

Kalata yako alangizi anaiwerenga kawiri, anavomera. Koma za chithunzi zija zinandipatsa maganizo, chifukwa kamlonda tinkakasunga m'kabati ya pabalaza pamodzi ndi chibenthu cha mtengo wake. Ndinati mwana wapempha kanthu kamodzi kokha, tisamukanize. Kakhale kunja tsiku limodzi, madzulo kabwerere.

Loweruka kutangocha, mapoto akumangidwa m'zitenje, amalume ako anavala chovala chonyezimira chija. Ine ndinanyamula kamlonda m'mbale yovundikira. Rhoda anatitsatira, manja atapinda pachifuwa. Titafika, amalume ako analowa pansi pa mlatho.

"Amalume, tulukani pansi apo," anatero Rhoda.

"Iwe, ine ninayamba kugwira hamala ukalibe kumera mano."

"Mtanda waola uwo."

"Waola ku Kanyama, ku Sweden ulibe kuola? Nipatseni mphindi zisanu chabe."

Anachotsa saka ndi matope, analowetsa chibenthu m'bowo mwake, anaika msomali. Anamenya koyamba. Mwana wanga, phokoso lake linali ngati wamenya dzungu. Ndinakumbukira mawu a abambo ako, koma pakamwa panga panachedwa. Anamenya kachiwiri. Pomenya kachitatu mtanda unangobuula ngati munthu wotopa, n'kuthyoka pakati. Matabwa onse anatsatira. Mlatho, amalume ako, kamlonda, zonse m'madzi.

Anthu anakuwa. Kenako amalume ako anavuuka, madzi ali m'khosi, pepala la pulasitiki lili pamutu ngati chisoti, hamala ikadali m'manja. Mayi wa makala uja anafuula ali tsidya, "Ba Rex! Sininakambe ine kuti ni bomba?" Rhoda ndiye anawaponyera chitenje n'kuwakoka. Amalume anang'ambika paphewa, kuchipatala anawasoka n'kuwabaya jekeseni. Pano akufotokozera aliyense, ndipo tsiku lililonse ngalande ikuzama.

Ine ndinakhala pansi pamatope ndi chitenje changa chatsopano. Patangopita maola awiri pamenepo pakanakhala ine, alangizi, amayi a mvano, ena ndi ana kumbuyo, manja onse ali pa mapoto. Ndinawaona mmodzimmodzi m'maso mwanga. Sindinalire pa maliro a abambo ako mmene ndinalirira pamenepo.

Alangizi anati mwambo suima, tizungulira ku tala. Ulendo wa ola unatenga maola awiri, chifukwa tinadutsa pakati pa msika. Ogulitsa anasiya malonda n'kulowa m'nyimbo, a minibasi ankaimba mahutala motsatira ng'oma, moti tinanyamuka makumi anayi koma tinafika ngati msonkhano. Zakudya zinazizira, inde. Koma akwawo kwa Kabaso akuti chilanga mulilo chotere sanachionepo, ngakhale kwawo ku Kasama. Rhoda anasenza poto wamkulu kuposa onse njira yonse.

Tsopano Kanyama yonse ikunena za iwe. Akuti makina a mwana wa amake Rhoda atangokhudza mlatho, nthawi yomweyo anadziwa kuti waola, n'kuugwetsa usanaphe anthu. Abusa anazitchula dzulo pa guwa. Kamlonda kanapita ndi madzi, sitinakapeze, kanapereka moyo wake chifukwa cha ife.

Za kalata yako ya manambala ija usachite manyazi, ndaibisa. Ngakhale dokotala amafuna agwire wodwala kuti adziwe matenda.

Chithunzi sitinajambule. Utikhululukire.

Ine amayi ako,
Maud Kachingwe


Sweden
10 Epulo 2023

Achemwali a Rhoda,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndatumiza ku foni ya mng'ono wa ba Exildah ku Matero, iwo akubweretserani pepalali m'manja.

Dzulo ndinakatenga phukusi lija. Kalata yanu ndinaipeza pansi pa kapenta, ikununkha nyanja ya Kariba. Ndinaona tsiku limene munalemba, 22 Januwale, ndipo ndinaiwerengera pa siteshoni nditaimirira. Masabata khumi inakhala m'kabati ya ba Exildah, ine ndili kalikiliki kulemba za kulimba kwa mlatho. Zikuoneka kuti pabanja pathu choonadi chimakonda kukhala m'kabati.

Aphunzitsi ndawauza zonse. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Nditawauza za amayi makumi anayi anasiya kuseka. Ku msonkhano sindipita. Chimene ndatsala nacho ndi manambala a miyezi inayi otsimikiza kuti kabati ya amayi ili ndi thanzi labwino.

Kachipangizo sikananame, kananena zoona za pamene kanali. Wolakwa ndi ine. Nambala itakoma kwambiri ndinayenera kukayika, koma inali kutama abambo, ndipo ine ndinafuna kuti atamidwe. Ndinkafunsa kamlonda ola lililonse, inu sindinakufunseni n'kamodzi komwe. Choipa koposa, munagwira mtanda ndi chala chanu, ine n'kukufotokozerani muli pomwepo kuti chala chimanyengeka. Pepani, achemwali. Mawu amenewo ndi amene akanamiza amayi m'ngalande.

Ndamva kuti akwawo kwa Kabaso apereka mitanda. Muyang'anire ndinu. Pansi pa mtanda pasakhudze dothi, nsonga zake zikhale pa miyala, ndipo pakati pa matabwa... Ndayambanso. Mukudziwa kale. Msomali wa abambo ukhale ndi inu, Okutobala aliyense.

Amayi musawauze kanthu za amene anapulumutsa anthu. Ndinayesa pa foni, anandiuza kuti kudzichepetsa kukapitirira ndi tchimo.

Ine mlongo wanu,
Dixon


Kanyama
7 Meyi 2023

Mwana wanga Dixon,

Moni. Tili bwino, mvula yatha, bondo lapuma.

Mlatho watsopano watha Lachisanu. Amalume ako anagwira ntchito ndi dzanja limodzi ndi pakamwa. Rhoda ndiye anali kapitawo, anabweza mitanda iwiri ati ikung'ung'udza. Pano amayenda ndi msomali wa abambo ako m'chikwama ngati kiyi wa nyumba. Ndamuleka, zikumupatsa chochita.

Tiwo akupereka moni. Wayamba kunyansidwa ndi fungo la anyezi, koma ine sindinanene kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Ukapeza wobwera kuno, utumize kamlonda kena, kakuda ngati kaja. Amayi a mvano akabwera Lamlungu amafunsa, ndipo pakati pa matambula ndi chithunzi chako pali mpata woonekera. Kansalu kake ndinachapa, kakudikira. Kaja tinakataya chifukwa cha kusasamala kwathu, ndikuvomera. Ulendo uno tidzakasunga bwino kwambiri. Ku mlatho sikadzayandikirako n'komwe.

Ine amayi ako,
Maud Kachingwe